Msenzalonjezo Amene Anakana Kugwa

Ine ndayenda, abale anga. Ndinayamba ndi kugulitsa machesi pa njinga yopanda mabuleki, lero ndili ndi malole amene madalaivala ake ena sindiwadziwa ndi nkhope zomwe. Ku Joni ndafika, ku Dar ndafika, ku Dubai ndinagula nsapato zimene zikuwala mpaka lero, ku China ndinadya chinthu chimene sindinafunse dzina lake ndipo ndili moyo. Konseko ndaona anthu akulonjeza zazikulu pa chaka chatsopano, ndipo konseko ndawaona akuphwanya malonjezowo mwezi usanathe. Koma dziko limene linaikonza nkhani imeneyi mwaukadaulo ndi limodzi lokha: ufumu wa Chakachino, kuseri kwa mapiri a Tionabe, kumene msewu wa tala umathera pa chikwangwani cholengeza kuti msewuwo upitirira.

Ndinapitako ndi mabelo a nsalu. Nsalu zonse za nkhope ya Mfumu Mkomaphwando zimene amayi amavina nazo kumeneko ndimadinditsa ndine. Nkhope ya mfumuyo imakula chaka ndi chaka, moti ndinachita kuuza a kufakitale kuti achepetse maluwa a m'mbali.

Mwambo wawo uli chonchi. Tsiku loyamba la chaka mfumu imakwera pa nsanja m'bwalo la likulu lawo, Mtsogolomuno, n'kulonjeza pamaso pa mtundu wonse chimene isiye kapena chimene iyambe. Koma thupi la mfumu n'lopatulika; silingavutike ndi ludzu, njala kapena thukuta. Choncho lonjezolo amasenzetsa munthu wamba amene amamutcha Msenzalonjezo. Mfumu ikalonjeza kuthamanga m'mawa uliwonse, amathamanga ndi Msenzalonjezo, wailesi n'kulengeza kuti mfumu yathamanga. Ikalonjeza kuchepetsa nyama, amadya bonongwe ndi Msenzalonjezo, mfumu n'kuyamikiridwa chifukwa chodziletsa. Nduna nazo zili ndi asenzi awo. Pa msika wa Bwerezani, mu Januwale, mupeza anthu atandandalika kudikira ganyu wa malonjezo. Ndinamva mkulu wina akuitanira malonda: "Kusiya fodya kuno! Kudzuka m'mamawa kuno! Kusiya zibwenzi timasenza, koma za mitala sitigwira!"

Chokoma cha mwambowu n'chakuti Msenzalonjezo amayenera kugwa. Palibe amanena poyera, koma ndi mwana yemwe amadziwa. Akagwa amamutengera ku mtsinje wa Iwalani n'kumumiza, lonjezo n'kupita ndi madzi, mfumu n'kumukhululukira mwa chisomo chake chachikulu. Zikatero pamakhala Phwando la Chikhululukiro, phwando loposa onse m'dzikomo. Mbuzi zake amayamba kuzinenepetsa lonjezo lisanalengezedwe n'komwe.

Pali kachinthu kamodzi kovuta. Nthawi yonse imene Msenzalonjezo sanagwe, mfumu imawerengedwa kuti ikusunga lonjezo, ndipo nyumba yachifumu iyenera kuoneka choncho. Ngati lonjezo ndi la nyama, wogulitsa nyama salowa pa chipata. Zimenezi sizinadetsepo nkhawa munthu, chifukwa chiyambire dziko, asenzi onse ankagwa chimanga chisanamasule ngayaye.

Chaka chimene ndikunenachi, mfumu inakwera pa nsanja chikho chili m'manja. "Ine Mkomaphwando," inatero, "Njovu ya Chakachino, Denga Losadontha, Mwini Dzuwa la Kum'mawa ndi la Kumadzulo lomwe, ndikulumbira kuti kuyambira lero mowa sudzalowanso pakhosi panga!" Ng'oma zinalira, amayi anaimba nthungululu atavala nsalu zanga, mfumu n'kugugudiza chikho chotsanzikira. Kenaka inapempha china, poti choyambacho chinatsanzikana ndi pakhosi pokha, mimba isanamve.

Wosankha msenzi anali a Tsekulamphika, Nduna ya Maphwando ndi Chikhululukiro, munthu amene malamba ake amachita kusoketsa. Iwo sanafune zochedwa. Anasankha chidakwa chotchuka mu Mtsogolomuno monse, mmisiri womanga nyumba dzina lake Layisoni Gwedeza. Makoma a Gwedeza ankadziwika: mzere wa m'mawa wowongoka ngati wa injiniya, mzere wa masana wokhota ngati njira ya mbuzi. Mkazi wake, Nachanza, anali atabwerera kwa amayi ake ndi ana, atanena pamaso pa ankhoswe kuti: "Mukafika nthawi yokolola musanalawe dontho, ndidzabwera. Mukalawa, musadzandifunefune, ana adzakudziwani pa chithunzi." Ankhoswe anagwedeza mitu n'kuyamba kukambirana zomupezera Nachanza banja lina.

"Ameneyu," anatero a Tsekulamphika pomuveka Gwedeza mkanda wa usenzi, "sabata sitha. Konzani nkhuni."

Sabata inatha. Chimanga chinamasula ngayaye. Anthu anayamba kuotcha mondokwa. Gwedeza sanagwe.

Kunyumba yachifumu zinthu zinavuta. Anasoko, mayi wofulula mowa wa mfumu, ankabwezedwa pa chipata ndi mbiya zawo. Mowa unayamba kulowa pa ambulansi, sailini ikulira. Mfumu inkamwera m'kachipinda kosungira makasu, yopanda ng'oma, yopanda woiombera m'manja, ndipo inkadandaula kuti mowa wotero sufika pamalo pake. Mbuzi za phwando zinanenepa mpaka zinkadya zitagona.

Pa msika, amayi ogulitsa tomato ankaiona ambulansi ikudutsa.

"Kwa mfumu kwachuluka odwala chaka chino, asisi."

"Ee, koma madokotala ake ndi odziwa. Wodwala aliyense akumachira akuimba."

Ine sindine munthu womva zinthu ndi makutu a ena. Ndinalowa m'galimoto mwanga, ija ya mipando yachikopa, n'kupita kwa Gwedeza. Ndinapeza nyumba yopanda khomo. Pamene panali khomo panali njerwa zatsopano, zomangidwa mowongoka bwino. Ndinazungulira kuseri n'kumupeza mwini wake akuponda dothi, pambali pake milu ya njerwa yotalika kuposa iye.

"Odi, a Gwedeza! Kodi nyumbayi yatembenuka?"

"Lowani, bwana Mabelo," anatero, poti kumeneko amanditcha choncho. "Nyumba ili momwemo. Ndatembenuka ndine."

"Tandiuzani chinsinsi. Mwapita kwa sing'anga? Kapena mukuopa apolisi a mfumu?"

Anaseka. "Apolisi? Iwo ndi amene amandigulira n'kumandinyengerera. Bwana, ine kulonjeza ndalonjezapo. Ndinalonjeza m'tchalitchi. Ndinalonjeza pamaso pa apongozi nditagwada. Ndinalonjeza pamanda a amayi anga ndikulira, pobwerera kumandako n'kudzera kwa Anasoko kukatonthoza mtima. Ndiye atandiveka mkandawu ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti, kodi amene amapita kumowa ndani? Pakamwa panga sipapita, pamachita kunyamulidwa. Imapita ndi miyendo. Khomo langa linkayang'ana kwa Anasoko. Ndikatuluka, ndisanaganize n'komwe, miyendo yafika kale. Ndiye ndinalitseka. Pano ndimatulukira kuno, njira yake imadzera ku chigayo mpaka kuntchito."

"Nanga ludzu?"

"Limabwera. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka limafika, silijomba. Limandigwira apa." Analoza pakhosi. "Likafika ndimalowa m'dothimu n'kuyamba kuumba njerwa. Manja akakhala ndi matope sagwira chikho. Limadikira, limadikira, kenaka limatopa n'kupita. Milu mukuionayi ndi ludzu langa lonse."

"Ndiye mwatsimikiza kuti simudzamwanso moyo wanu wonse?"

"Ayi bwana, mawu amenewo ndi a mafumu. Ine ndimangofuna ndifike madzulo a lero. Komanso ndikufuna mayi a Tiyanjane abwere. M'nyumbamu mwachita zii, moti ndi makoswe omwe asamuka."

Ine ndakhalapo m'mahotela a ku Joni kumvera anthu a mataye akuphunzitsa za kusintha moyo, akuloza zithunzi pa khoma, ife tikuomba m'manja. Palibe ndi mmodzi yemwe anatchulapo khomo.

Pa msonkhano wa nduna wotsatira ndinalipo, chifukwa ndinabweretsa nsalu za phwando zolembedwa kuti TAKHULULUKA, ndipo zinali zitayamba kuchita nkhungu. Mfumu inakhala pa mpando maso ali gwaa, ikununkha mafuta a makasu.

"Munthu ameneyu akundizunza," inatero. "Ndakhala wosaledzera pamaso pa anthu kuyambira Januwale. Kodi ndinalakwa chiyani? Tangomulamulani amwe!"

"Sizingatheke, Denga Losadontha," anayankha a Tsekulamphika. "Mukamulamula ndiye kuti sanalakwe, ndipo wosalakwa sakhululukidwa. Popanda chikhululukiro palibe phwando. Ayenera kugwa yekha. Ife tingomuthandiza."

Tsiku lomwelo kunatuluka lamulo lobweretsa chitukuko pafupi ndi anthu. Chitukuko choyamba chinali kusamutsa malo a mowa a Anasoko n'kukawaika kuseri kwa nyumba ya Gwedeza, maso ndi maso ndi khomo latsopano. Gwedeza anadzuka, anayang'ana, anatenga chipande chake chomangira, n'kutseka khomolo n'kuboola lina cha kum'mawa. Boma linasamutsa chitukuko n'kupita nacho kum'mawa. Gwedeza anaboola kumadzulo.

"Ine ndatopa," anadandaula Anasoko, mbiya ili pamutu. "Layisoni, mwana wanga, tangolawako pang'ono ndipume. Msana wanga watha ndi chitukuko."

"Pepani amayi. Tulani apo, ndikumangireni kachiundo kotulirapo mbiya. Njerwa zilipo zambiri."

A Tsekulamphika atakwiya anaika mbiya kumbali zonse za nyumba. Gwedeza anatseka makoma onse, anasasula lata limodzi la denga, n'kumatulukira pamwamba, kudzera mu mtengo wa mango, kukatsikira m'munda wa chinangwa wa oyandikana nawo. Anthu ankabwera ndi mipando kudzaonerera.

Choopsa chinayambira pamenepo: anthu anayamba kutengera. Mphunzitsi wina amene khomo lake linkayang'ana kwa mkazi wa eni analitseka. Mayi wina wamiseche anasintha njira ya kuchitsime. Mkulu wa njuga anagula njerwa kwa Gwedeza. Pa msika wa Bwerezani, aganyu a malonjezo anayamba kuwodzera opanda kasitomala. Mkulu wa "kusiya fodya kuno" uja ndinamupeza akugulitsa nzimbe.

"Dziko laonongeka, bwana Mabelo," anandiuza. "Anthu ayamba kusenza okha malonjezo awo ngati alibe ulemu."

A Tsekulamphika anaithamangitsira nkhaniyi kwa mfumu. "Denga Losadontha, izi si za mowa ayi. Munthu amene wasunga lonjezo lake amayamba kukumbukira malonjezo a ena. Dzulo ndamva ena akufunsa za msewu uja wothera pa chikwangwani. Ena akufunsa za mlatho. Wina wafunsa za chipatala, pomwe ambulansi yake akuiona ikugwira ntchito tsiku lililonse!"

Mfumu inachita thukuta. "Ndiye titani?"

"Timulemekeze."

Chimanga chinali chitauma m'minda, anthu akunola zikwakwa. Kunalengezedwa kuti Layisoni Gwedeza, chifukwa cha kukhulupirika kwake, apumitsidwa pa udindo mwaulemu ndipo lonjezo lisenzetsedwa wina. Mtundu wonse unasonkhana m'bwalo. Anamuvula Gwedeza mkanda n'kuveka mlamu wa a Tsekulamphika, amene anagwa asanatsike n'komwe pa nsanja, poti botolo linali kale m'thumba la jekete. Anathamanga naye ku Iwalani, anamumiza, mfumu inakhululuka mofulumira kwambiri moti mawu ena inawameza, ndipo Phwando la Chikhululukiro linayamba dzuwa lili paliwombo. Mbuzi zinachita kubwera pa wilibala.

Koma a Tsekulamphika sanathane naye Gwedeza. Phwando lokha silikanabweza makomo a anthu m'malo mwake. Mtundu unayenera kuona ndi maso kuti aliyense amagwa. Anamuitanira pa nsanja, anamupachika mendulo, kenaka mfumu yeniyeniyo inadzaza chikho chake chachikulu n'kumupatsa.

"Mwana wanga," inatero, "lonjezo lachoka pa iwe. Ndiwe mfulu. Imwa kuchokera m'dzanja la mfumu yako."

Ku Chakachino, kukana chikho cha mfumu n'kunyoza ufumu, ndipo wonyoza ufumu amawoloketsedwa mapiri a Tionabe osabwereranso. Ine ndinali pa mpando wa alendo olemekezeka, monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinaona zonse. Patsogolo pa khamu panaima mayi wamtali wosavala nsalu yanga, mwana kumbuyo, wina atamugwira dzanja. Anali Nachanza. Sanali kuvina. Ankangoyang'ana chikho.

Gwedeza anachilandira ndi manja awiri. Thovu linatayikira pa zala. Dzuwa linali litayamba kupendeka, nthawi yake yeniyeni ya ludzu, ndipo panalibe dothi loti aponde, panalibe khoma loti aboole. Fungo linamufika. Anakweza chikho mpaka pachibwano. Nachanza anawerama n'kumangitsa nsalu ya mwana, ngati munthu amene akukonzeka ulendo.

Gwedeza anatsitsa chikho, n'kugwada.

"Denga Losadontha, chikho chanu sindingachikane. Ndachilandira, ndipo ndimwa chonse. Koma miyezi yonseyi ndakhala pafupi ndi ufumu, ndaphunzira khalidwe la anthu olemekezeka. Munthu wa mendulo sachita yekha zinthu zolemera. Inu munali ndi wokusiyirani mowa. Ine ndikupempha wondimwera." Anatembenuka. "A Nduna, ndisenzereni."

A Tsekulamphika akanati sizitheka, ndiye kuti kuthamanga konse kwa mfumu, bonongwe yense wa mfumu, kudziletsa konse kwa mfumu kuyambira makolo ake kunali bodza. Anayang'ana kwa mfumu. Mfumu, imene inali itabweza kale ngongole ya pakhosi ya miyezi ingapo, inaseka mpaka chisoti chinapendekeka.

"Mwambo ndi mwambo! Tsekulamphika, mumwere mwanayu!"

Nduna inamwa. Mfumu inakondwa, inadzazanso chikho n'kupatsa Gwedeza, Gwedeza n'kupatsira nduna. Zinapitirira choncho mpaka a Tsekulamphika anayamba kulankhula ndi mbuzi yowotcha, kenaka anakhala pansi pomwe panalibe mpando. Wailesi inalengeza nthawi yomweyo kuti Layisoni Gwedeza wamwa mpaka kugwa, ndipo izi zatsimikiza kuti munthu ndi munthu basi.

"Wagwa! Wagwa Gwedeza!" anakuwa amayi a tomato aja. "Kumtsinje!" Anyamata a pamsika ananyamula nduna ndi malamba ake omwe n'kukaimiza mu Iwalani m'malo mwa Gwedeza. Akuti anaimiza mosamala kwambiri, mobwerezabwereza, kuti tchimo la mmisiriyo lichokeretu.

Boma linakhutira, chifukwa zimene yanena wailesi ndizo zachitika. M'mawa mwake kunatuluka lamulo loletsa kusuntha khomo popanda chilolezo cha nduna, ndi lina loletsa amisiri omanga kusankhidwa usenzi. Chikwangwani cha pa msewu chinapakidwa penti watsopano.

Koma tibwerere pa tsiku la phwando. Gwedeza atatsika pa nsanja, anakumana ndi Nachanza.

"Wailesi ikuti mwamwa, bambo a Tiyanjane."

"Nanunso munalipo, mayi."

"Ndinalipo. Ndinaonanso pamene chinafika chikhocho. Uzirani kuno."

Gwedeza anauzira mpweya. Nachanza ananunkhiza ngati wogula nsomba amene anapusitsidwapo kale.

"Chinatsala pang'ono," anatero Gwedeza motsitsa mawu.

"Ndikudziwa. Mawanso chidzatsala pang'ono. Dothi lilipo?"

"Lilipo."

"Tiyeni."

Ndinawanyamula ine pa galimoto yanga, ndi mitolo yawo yomwe, ana akudabwa ndi magalasi otsika okha. Titafika, Nachanza anatsika ndi mtolo pamutu n'kulunjika pamene ankadziwa kuti pali khomo. Anapeza njerwa. Anazungulira kuseri: njerwa. Kum'mawa: njerwa. Kumadzulo: njerwa. Anabwerera pamene anayambira n'kupeza mwamuna wake ali kale mu mtengo wa mango, akutambasula dzanja.

"Kwerani, mayi a Tiyanjane. Nthambi iyi ndi yolimba."

Nachanza anatula mtolo pansi n'kugwira m'chiuno.

"Ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati pusi. Tsikani, mutenge chipande chanu, muboole khomo."

"Mbali iti, mayi? Mbali zonse kuli mbiya."

Nachanza anayang'ana mbiya za kutsogolo, anayang'ana Anasoko amene anakhala pa kachiundo kawo atatopa, kenaka analoza pakati penipeni pa khoma, pamene panali khomo loyamba lija.

"Pomwepa. Mpando wanga ndiuika pakhomopo. Tione miyendo imene idutse."